Kalongonda wa Munthu Mmodzi

Ndinali nditangotereka kamphika ka chigwada pamafuwa pamene Everson, kapitawo wa pa esiteti, anatulukira kuseri kwa nyumba yanga ali wefuwefu. Sanaodire n'komwe. Munthu amene masiku onse ankadutsa pakhomo panga khosi lili gwa ngati wasenza mtsuko, tsiku limenelo anavula chipewa n'kunjuta pafupi ndi moto.

"Mayi a Dickson, usiyeni mphikawo. Mwana wanu ali pa chingwe."

"Walakwa chiyani?"

"A Bwana ndi a Dona achezera kusanza. A Bwana mpaka anatuluka ndi mfuti n'kumawombera mitengo, ati ikuyenda. Lero apezako bwino, koma akuti khukhi anawathirira poizoni mu supu. Am'tsekera mosungira makasu. Loweruka apita naye ku boma."

"Supu wa chiyani?"

Everson anayang'ana kumbali. "Wa nyemba zija munabweretsa inu."

Ndinaphula mphika chigwada chisanafote n'komwe. Ndinadziwa zimene zinachitika. Sizinali nyemba zimene ndinapititsa kumtunda kuja. Anali kalongonda.

Inu amene simunakulire pakati pa Alomwe mwina mungadabwe kuti chakudya chingamangitse bwanji munthu. Kalongonda amaoneka ngati nyemba zikuluzikulu zonyezimira, koma ndi wamwano. Umamuwiritsa n'kutaya madzi, kumusenda khungu, kumuwiritsanso n'kutayanso madzi, kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo madziwo umakawakhuthula kutali kumene nkhuku kapena mwana sangafike. Ukamupupulumira amakuzunguza mutu, umasanza, umaona zinthu zimene kulibe, ena amatsikira nazo kulichete. Koma ukamulezera mtima, palibe nyama imene ingam'pose.

Mbewu yake amayi anga anachita kuimanga pansonga ya nsalu pamene tinkathawa Apwitikizi kuseri kwa phiri la Mulanje, ine ndili kabuthu. Tinafikira m'munsi mwa phiri la Thyolo. Ankati dzikolo n'la kampani ina yake, koma kampaniyo sitinaionepo nkhope. Tinkagwira thangata pa nyengo yake, masiku otsala n'kumalima zathu. Ndinakwatiwira pamenepo, ndipo ndinaika ana atatu pamenepo. Wachinayi ndinam'tcha Namakhwa, poti sindinkakhulupirira kuti akhala. Anakhala. Bambo ake, a Jonas, anawatenga kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya Chiwaya ndipo sanabwerenso. Mwanayo a mishoni anam'tenga ali ndi zaka khumi, n'kum'batiza kuti Dickson, kenaka anapitirira ku Kabula kukaphunzira kuphikira azungu. Ndinam'loleza ndine. Ndinkati akadye bwino.

Nkhondo itatha, patapita zaka khumi, dziko lathu linagulidwa ife tili momwemo, monga mmene munthu amagulira mbuzi ndi nkhupakupa zake. Mwini watsopanoyo tinam'tcha Bwana Chikwanje, chifukwa choyamba kutsika m'ngolo zake inali mitolo ya zikwanje. Katundu wa Dona, mkazi wake amene anam'tsatira patapita zaka zingapo, anatha masiku anayi akusenzedwa kuchokera ku siteshoni ya Luchenza, ndipo limba lokha linathyola misana amuna khumi ndi awiri. Nyumba anaimanga pamtunda pamene tinkazula bowa. Nkhalango inagwa, m'malo mwake munabwera mizere ya tiyi, masamba amene sungatendere ngakhale utakhala ndi nsinjiro zodzaza lichero. Kasupe wathu anam'tchinga ndi waya kuti madzi azikwera m'mipope. Mitengo yotsala yonse inakhala ya Bwana: kukupeza ndi mtolo wa nkhuni, chikoti. Anansi anga anayamba kusasula madenga, ena kulowera ku Goliati, ena kwa Mphuka. Mudzi wa nyumba makumi atatu unatsala ndi zinayi.

Ine ndinatsala. Ndikanapita kuti, manda a ana anga ali pomwepo? Ndinaphunzira kuphika kwa munthu mmodzi, kuphika kopanda ulemu: mbatata ziwiri m'phulusa, makaka anayi, chigwada chodzaza dzanja limodzi. Nkhuni zanga zinali mapesi ndi timitengo touma ta nandolo. Ukamadya wekha umadyera mumphika, chilili, ngati wakuba m'nyumba mwako momwe. Kalongonda ndinaleka kum'phika. Ndani angathe nkhuni za tsiku lathunthu chifukwa cha pakamwa pamodzi? Komabe chaka ndi chaka ankayanga mumsuku wa kuseri kwa nyumba, maluwa ake akuda mofiirira ali lendelende, ndipo ndinkakolola n'kusunga mumtsuko, kudikira tsiku limene padzakhale pakamwa pachiwiri.

Pakamwa pachiwiripo panabwera limodzi ndi katundu wa Dona. Dickson ndiye anali khukhi wawo. Ankagona pamtunda pomwepo, moti ndikaima pakhomo ndinkauona utsi wa khitchini yake, koma pa miyezi itatu anatsika kamodzi kokha. Anaima chilili poopa kudetsa thalauza loyera. Ndinkamulankhula m'Chilomwe, iye n'kumayankha m'Chinyanja cha ku Kabula, maso ali kunjira. Anandisiyira kasopo. Zinandipweteka kwambiri, koma ndinadzitonthoza kuti akadzalawa chimene analeredwa nacho, adzatsika yekha.

Ndiye tsiku lina ndinadzaza kansengwa ndi kalongonda wouma n'kukwera phiri. Ine nkhuni ndinalibe. Iye anali ndi sitovu yachitsulo ndi mulu wa zipika wotalika kuposa nyumba yanga. Ndinati akadziphikire yekha, adye akatha ntchito.

Ndinam'peza kuseri kwa khitchini akutsuka mapoto. Ndisanatule n'komwe, Dona anatulukira. Anali wamsinkhu wa mwana wanga yemweyo, timanja ngati wodwala. Anapisa dzanja m'nsengwa n'kumaseweretsa mbewuzo akumwetulira, kenaka anafunsa zina zake m'Chingerezi. Dickson anayankha mofulumira. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kwa Everson zimene ananena: ati ndi nyemba, ndipo ine ndine mayi wogulitsa. Dona anandininkha mchere wa m'kapepala, n'kulowa ndi nsengwa yanga m'khitchini.

"Namakhwa," ndinanong'ona m'Chilomwe, "madzi ake utaye kasanu ndi kamodzi. Ndipo usaiwale kusenda."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Pitani, agalu angakulumeni."

"Mwanawe, tamvera kaye."

"Ndaphikira azungu zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye nyemba zindivute? Pitani."

Ndinapita. Kulakwa kwanga kuli pamenepo, ndipo sindinadzikhululukirebe. Ndinkayesa kuti zimene mwana anaona ali wamng'ono zimakhala m'magazi. Ndinaiwala kuti iye kalongonda ankam'peza atapsa kale, ali m'mbale. Dona atafuna kulawa nyemba zachilendozo, mwana wanga anaziphika ngati nyemba za azungu, n'kuzipereka patebulo ndi madzi ake omwe.

Tsono tsiku limene Everson anabwera lija ndinakwera naye phiri, chigwada ndikuchisiyira nkhuku. Bwana anali pampando pakhonde, nkhope ili mbuu, mfuti itatsamira khoma. Chichitikireni chipolowe cha ku Magomero, azungu ankaona mpeni m'dzanja la wantchito aliyense. Ndinagwada pa kapinga, Everson n'kuima pakati kuti azimasulira.

"Muwauze a Bwana kuti uja si poizoni," ndinatero. "N'chakudya. Kangolakwika n'kaphikidwe."

Bwana anayankha akugwira pamimba.

"Akuti chakudya chanji chimene chimayendetsa mitengo?"

"Andipatse nkhuni ndi tsiku limodzi. Ndiphika pamaso pawo kalongonda wotsala m'nsengwa yomweyo, ndipo ndidya ndekha. Ndikafa, andikwirire. Ndikapanda kufa, am'masule khukhiyo."

Dona anawerama n'kumunong'oneza mwamuna wake. Bwana anagwedeza mutu movomereza.

M'mawa mwake, mame asanaume, ndinali nditaika mafuwa pakati pa kapinga wa Dona. Ananditulira nkhuni zouma gwaa, za mbawa ndi za msuku, mitengo ya m'nkhalango yathu yomwe ija. Mwezi umodzi m'mbuyomo a Teleza, mnansi wanga, anali atakwapulidwa chifukwa cha nthambi zitatu zokha za mitengo imeneyi. Sindinaumire. Ndinasonkha moto ngati wa pamaliro, ndipo chikuni chilichonse ndinkachiponya ndi mtima wonse.

Ndinatapa kalongonda manja awiri, gawo la munthu mmodzi. Chibadwireni sindinam'phikepo wochepa chotero. Anangobisa pansi pa mphika.

Madzi oyamba anatuluka akuda bii. Ndinafunsa kokataya, koma Bwana anakana kuti ndichoke pamaso pake, ndiye ndinawakhuthulira pa kapinga pomwepo, nthunzi ili tolotolo.

"Kapitawo, muwauze amange agalu awo. Akanyambita madziwa andimangiranso agalu."

Ndinasenda khungu limodzi ndi limodzi, zala zikupsa. Madzi achiwiri, achitatu. Dzuwa litafika paliwombo Dona anabwera ndi ambulera, wantchito akum'tsatira ndi mpando, n'kukhala chapatali ngati akuonera gule. Anafunsa kuti chomeracho chimaoneka bwanji. Everson anamufotokozera za maluwa aja, iye n'kuwomba m'manja ngati mwana. Anthu ochokera ku tiyi ankadutsa mwapang'onopang'ono, ena n'kuima ndithu kuseri kwa mpanda, ndipo panalibe wowathamangitsa. Madzi achinayi anali ofiirira. Achisanu ankafanana ndi tiyi wawo yemweyo. Achisanu ndi chimodzi anatuluka oyera. Ndinathira madzi ena pang'ono, tsabola ziwiri zimene ndinamanga m'nsalu, ndi mchere wa m'kapepala ka Dona uja. Fungo linakwera mpaka pakhonde.

Ndisaname, ndinanyada. Anthu amene ankatinena kuti ndife Anguru odya njoka, tsiku lathunthu anali atakhala pansi kuyang'ana mphika wa mayi wa Chilomwe. Kunyada kumeneko ndi kumene kunanditsegula pakamwa.

Dzuwa litapendeka anam'tulutsa Dickson. Zovala zoyera zija zinali dothi lokhalokha, m'manja muli mikwingwirima ya chingwe. Anamuimika patsogolo panga, iye maso ali pansi. Ndinapakulira kalongonda m'mbale yanga yadothi n'kukhala pansi, miyendo nditatambasula. Bwana anatsika pakhonde, nayang'ana zigamba zisanu ndi chimodzi za kapinga wopsa, kenaka analankhula.

"Akufunsa," anatero Everson, "kuti zotaya madzi kambirimbirizi anthu onse kuno amazidziwa?"

Ndinayankha m'Chinyanja, mokweza, kuti mwini wake amve yekha: "Mwana aliyense wa Mlomwe amadziwa. Ngakhale woyenda wosavala."

Everson anatseka maso. Bwana sanafune womasulira, anali atatola yekha. Anatembenukira kwa Dickson n'kulankhula nthawi yaitali, ndodo ikugogoda nsapato.

"Akuti," Everson anatero, mawu ali pansipansi, "ngati mwana aliyense wa Mlomwe amadziwa, ndiye kuti khukhi akakhala Mlomwe anachita dala. Akuti anamva mphekesera zoti khukhiyu kwawo n'konkuno."

Ndinali nditam'mangira ndekha chingwe china, chothina kuposa choyamba.

"Ine ndine wa ku Kabula, Bwana," Dickson anatero. "Ndinakulira ku mishoni. Zakudya za Anguru sindizidziwa."

Dzina limenelo ndinali nditatukwanidwa nalo m'misika ndi m'njira, moti khutu linazolowera. Koma ndinali ndisanalimvepo kuchokera pakamwa pamene ndinayamwitsa ndekha.

Bwana anandiloza ndi ndodo, n'kufunsa m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Iwe mayi. Iwe dziwa boyi uyu?"

Kuseri kwa mpanda kunali anthu osachepera makumi awiri, ndipo aliyense ankadziwa. A Teleza, amene anam'dula mchombo, anali pomwepo, dzanja lili pakamwa. Everson ankayang'ana zala za kumapazi kwake. Ine ndinayang'ana mwana wanga. Chipsera cha pachikope chimene anachitenga atagwa mumsuku wa kuseri kwa nyumba chinalipobe.

"Sindim'dziwa, Bwana. Ndinangom'peza pakhitchini panu, ndinam'gulitsa nyemba."

Bwana anandiyang'ana, anayang'ana Everson, anayang'ana anthu a kumpanda. Panalibe amene anatsokomola.

"Idya," anatero.

Kwathu munthu sadya mwana wake ataima poteropo. Umasuntha mbale, umati samba m'manja. Dzanja langa linayamba lokha kukankha mbale ija, ndipo ndinachita kuligwira ndi linzake. Kalongondayo anapsa bwino kuposa aliyense amene ndinaphikapo, wofewa ngati chiwindi, tsabola atalowerera. Ndinam'dya yense, mmodzimmodzi, azungu awiri akuwerenga kutafuna kwanga, mwana wanga akumeza malovu pamtunda wa mapazi atatu. Anali atagona ndi njala masiku awiri. Sindinalire, koma ndinadana ndi aliyense amene anali pamenepo, ndipo ndinadzida ndekha koposa onsewo.

Anandisunga pomwepo mpaka m'mawa. Atandipeza ndikusesa phulusa langa, anam'masula Dickson, nam'patsa zovala zina zoyera, ndipo masana ake utsi unali ukutulukanso m'khitchini.

Sabata lisanathe Bwana analamula kuti kalongonda yense wa pa esiteti azulidwe. Everson anabwera ndi amuna anayi. Anadula msuku uja, anaswa mtsuko wanga, mbewu n'kuzithira pamoto.

"Mundikhululukire mayi," anatero, "n'lamulo."

"Lamulo lilibe manja, kapitawo. Manja ndi anuwa."

Ananenanso kuti mizere ya tiyi ifika pamenepo mvula isanagwe, ndiye ndisamukire ku nyumba za antchito za m'mphepete mwa dambo. Manda a ana anga anawasiyira kachilumba ka udzu pakati pa tiyi. Dickson sanatsikeko. Sakanatha kutsika, ndipo ine sindikanatha kukwera, chifukwa bodza lathu lija linali ngati mphika wosweka umene anthu awiri augwirizira: mmodzi akangosuntha dzanja, watayika. Tikakumana panjira tinkapatukirana ngati munthu ndi apongozi ake.

Mvula itagwa, miyezi itapita, anatituma kukapalira tiyi wa m'mphepete mwa nyumba ya Bwana. Nditaweramuka kuti ndiwongole msana, ndinamuona kalongonda wa amayi anga. Anali atayanga m'nsanamira zonse za khonde, maluwa ali lendelende pamwamba pa mpando wa Dona. Dona anali atabisa mbewu zingapo za m'nsengwa yanga. Antchito a m'nyumba anandiuza kuti Bwana analola maluwa okha, koma makoko azidulidwa asanagwe, poopa agalu. Wodula anali khukhi.

Ndinamuona tsiku lomwelo atakwera pamakwerero, sizasi ili m'manja, makoko akugwera m'beseni. Nayenso anandiona. Sanandipatse moni, inenso sindinam'patse. Atatsika anayang'ana uku ndi uku, ndipo m'malo mopita kudzala anayenda mpaka kumpanda, n'kukhuthula beseni lija pansi pa zitsamba, moyang'anizana ndi mzere umene ndinkapalira. Anabwerera osacheuka.

Ndinadikira kuti kapitawo atembenuke, ndinatola makoko onse n'kuwamanga pansonga ya nsalu, monga mmene amayi anachitira. Njira yonse yopita kudambo ndinkawerengera: ochepa ndiphika kuti ndilawe, otsala ndibzala kuseri kwa manda kumene khasu la esiteti silifika. Ndinapempha mapesi kwa a Teleza, ndinatsuka mphika uja, ndinatereka madzi, kenaka ndinakhala pakhomo n'kumasula nsalu.

M'khoko loyamba munali ubweya ndi madzi. Lachiwiri chimodzimodzi. Mwana wanga sankadziwanso kuti kalongonda amakhwima liti. Ndinawaswa onse, makumi awiri ndi atatu, mpaka zala zinada, ndipo munalibe ngakhale mbewu imodzi. Kumbuyo kwanga mapesi a eni ake anali akutha, madzi akuwira okha mumphika.